Kuvina pa Njerwa Imodzi

Obdulia anagogoda galasi la zenera monga ankachitira Lamulungu lililonse chibwerereni mliri wa korona. Bambo ake, a Don Eleuterio Zamudio, anali pampando pakona ya chipinda, miyendo atayifunditsa bulangete ngakhale kunja dzuwa linkaswa mtengo. Atamuona anamwetulira, nagwira m'mbali mwa mpando kuti adzuke. Anakankha koyamba, osatheka. Anakankhanso, thupi linanyamuka pang'ono, kenako linabwerera pampando kuti khu! Sanayesenso. Anangokweza dzanja n'kumupatsa moni ali pomwepo, ngati ndi mmene anakonzera.

Awa anali munthu amene anasenza matumba a khofi pa doko la Veracruz mpaka mutu kuyera, munthu amene sanapemphepo wina kuti amugwire dzanja. Obdulia anatulutsa foni n'kuimba, poti galasi linali lotseka ndipo mawu sankadutsa.

"Ababa, bwanji simukubwera pazenera?"

"Ndikukuona bwinobwino ndili pompano. Wanenepatu."

"Musasinthe nkhani. Miyendo ikuwawa?"

"Miyendo ili pa tchuthi, mwanawe. Inagwira ntchito zaka zambiri yosapuma, isiye ipumeko."

Anaseka, koma Obdulia sanaseke nawo.

A Don Eleuterio analowa m'nyumba yosamalira okalambayi mwa kufuna kwawo, akazi awo atamwalira. Ankati sangamakhale okha tsiku lonse kuyang'ana khoma pamene mwana wawo ali kumsika kugulitsa mpunga ndi nsomba. Analowa akuyenda ndi miyendo yawo, akusamba okha, akumeta okha ndevu. Antchito ankangowathandiza za mankhwala ndi chakudya. N'chifukwa chake anapatsidwa chipinda cha kutsogolo, cha zenera loyang'ana kumsewu. Amene sankatha kudzuka okha ankagona m'chipinda chachikulu cha kumbuyo, pafupi ndi anamwino. Kumeneko kunalibe zenera la kumsewu, ndipo pa nthawi ya mliri mlendo sankaloledwa kulowa.

Obdulia akutembenuka kuti azipita, anamva wina akumuitana pachipata. Anali Nereida, namwino wa panyumbapo, mtsikana wa kumapiri a ku Xalapa, atavala masiki ndipo ataima patali.

"A Doña Obdulia, ndimakudikirani. Mwawaona bambo anu?"

"Ndawaona. Mukuwapatsa chakudya chokwanira koma?"

"Akudya ndithu, mbale amasiya yoyera. Vuto si chakudya. Mwendo wa munthu wamkulu ukangokhala osagwira ntchito umaphwa msanga. Anzawo amatuluka pabwalo m'mawa uliwonse, amaothera dzuwa, amawongola thupi. Iwo amakana. Ndikawafunsa amati analonjeza inu, ndipo mawu a Zamudio sabwerera m'mbuyo."

Zimenezo zinali zoona. Mliri utangoyamba, zipata zitatsekedwa, Obdulia anabwera ndi matawulo akale kuti antchito atseke mipata yonse ya zenera. Kenako analira pa foni mpaka bambo ake analumbira kuti sadzatuluka panja, ngakhale kusuzumira, mpaka matendawa atatha. Anali ndi chifukwa chake. Tsiku lina zaka zapitazo, mayi ake anamaliza kusita n'kutuluka thupi lili lotentha kukaanula zovala, mphepo ya kumpoto ikuyamba. M'mawa mwake anadzuka pakamwa patapotoka, ndipo chaka sichinathe anamwalira. Kwathu kuno mukafunsa aliyense adzakuuzani kuti mphepo inawalowa. Ndife anthu amene timakhala m'mphepete mwa nyanja moyo wathu wonse, koma kamphepo kakangoti pekupeku timathamangira thonje lotseka m'makutu. Ndiye pamene wailesi inalengeza kuti matenda atsopanowa amayenda mu mpweya, Obdulia sanafunikenso wina womufotokozera.

"Ndinene mosabisa," anatero Nereida. "Dzulo tinachita kuwanyamula anthu awiri kuti akasambe. Zikapitirira chonchi, adokotala akadzabwera mwezi wamawa adzanena kuti apite kumbuyo. Ndipo pa msinkhu wawowu, miyendo ikapita sikawirikawiri kubwerera."

"Bola akhale pampando ali moyo kusiyana n'kuyenda ulendo wa kumanda," anayankha Obdulia mokalipa. "Amayi anga inawatenga ndi mphepo. Ababa sindiwapereka."

Nereida sanapse mtima. Anafunsa funso limene Obdulia sanaliyembekezere.

"Msuzi wanu uja anthu amautama kumsika, tsabola wake mumayamba mwakazinga, si choncho?"

"Nanga n'kukoma bwanji osakazinga?"

"Mukamakazinga mumatseka zitseko ndi mazenera?"

"Mukufuna tife? Nyumba yonse ingatsokomole mpaka kutuluka misozi."

"Kachilomboka kamachitanso chimodzimodzi. Kamatuluka ndi mpweya wa munthu wodwala n'kumayandama m'chipinda ngati utsi wa tsabola, kungoti sikayabwa pakhosi kuti mudziwe kuti kalipo. M'chipinda cha bambo anu timalowamo anthu angapo pa tsiku, ndipo tonsefe timabwera pa basi. Timavala masiki, timasamba m'manja, komabe wina akhoza kukhala nako osadziwa. Zenera likakhala lotseka, mpweya wake umatsala momwemo, bambo anu n'kumaupuma tsiku lonse. Likakhala lotsegula umauluzika. Panja ndiye pabwino koposa, bola anthu atalikirane."

"Nanga amayi anga?"

"Mayi anu sindinawaone, ndiye sindinganame kuti ndikudziwa. Koma pakamwa pakapotoka chonchija, kawirikawiri amakhala magazi othamanga kwambiri, kapena matenda a mtsempha wa kunkhope. Mphepo imangopezeka pafupi, n'kusenza mlandu wa eni ake."

Obdulia anachoka osatsanzika. Njira yonse ankang'ung'udza. Kamwana kadzulodzuloka, kobadwira m'mapiri momwe nkhungu imalowa mpaka m'khitchini, kangamuphunzitse iye za mphepo ya kunyanja? Koma chithunzi cha bambo ake akubwerera pampando sichinamuchoke m'maso.

Mwana wa Zamudio sakhulupirira zongomva. Mawa lake masana, atabwerako kumsika, anatseka chitseko cha khitchini, anatseka zenera, n'kuika tsabola wouma pa chiwaya. Ankafuna aone ngati nkhaniyo inalidi yofanana. Tsabola asanade n'komwe, pakhosi panayamba kukanda. Anapirira, poti makani ndi a kumtundu. Kenako anatulukamo chothamanga, misozi ili chuchuchu, akutsokomola ngati galimoto yakale, mpaka mayi woyandikana naye nyumba anasuzumira pampanda kufunsa ngati aitane ambulansi. Atabwerera anazimitsa moto, koma utsi unali momwemo, osasuntha. Anakankha zenera ndi chitseko. Anaima pakhomo n'kumaonerera utsiwo ukutuluka, mpaka m'khitchinimo munayera. Anakhala pansi n'kulira, ndipo ulendo uno sanali tsabola. Anazindikira kuti miyezi yonseyi iye ndi amene anawatsekera bambo ake m'chipinda chotero, akumati akuwateteza.

Sanadikire Lamulungu. M'mawa mwake anali kale pachipata.

"Anesi, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndinakuyankhani mwamwano, mundikhululukire. Chotsani matawulo aja."

Nereida anazula matawulo, n'kukankha zenera. Linalira ngati likudandaula, poti linali litaiwala ntchito yake. Obdulia anabwerera m'mbuyo n'kuima m'mphepete mwa msewu, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni mliri anayankhula ndi bambo ake popanda foni.

"Ababa, lonjezo lija ndalimasula. Ndine ndinalakwa. Muzituluka panja ndi anzanu."

A Don Eleuterio anatembenukira kuzenera. Anakweza mphuno, natseka maso.

"Kwafika sitima ya shuga," anatero. "Ndikumva fungo."

Tsiku lotsatira anavomera kukwera mpando wamatayala, Nereida n'kuwakankha mpaka pabwalo. Bwalolo linali m'mbali mwa nyumba, loyalidwa njerwa zofiira, pakati pali mtengo wa mango. Mbali ya kumsewu kunali mpanda wa zitsulo, ndipo Obdulia anaima kunja kwake kuti aonerere. Nereida anali atapaka penti yoyera pa njerwa zina motalikirana, kuti aliyense adziwe malo ake. Okalamba anakhala pamipando, aliyense ndi masiki ake, n'kuyamba kukweza manja m'mwamba ndi kuwatsitsa, namwino akuwawerengera.

Woyamba kuwaona anali a Doña Crisanta Utrera, mayi amene kale ankasoka madiresi, wamfupi ngati mtondo koma lilime lalitali, amene ankakonda kuwatchula kuti Tello.

"Eee, taonani! Akufa auka! Tello, takhala tikufunsana ngati tiyambe kusonkha za maluwa a pamanda."

"Musavutike, Crisanta. Ndidzayamba ndine kununkhiza anu."

"Ndiye mwabwera pa galimoto? Bwana ndithu. Kwezani manjatu, tione ngati akadalipo."

Anthu anaseka. A Don Eleuterio anasekanso, koma Obdulia, amene ankawadziwa, anaona makutu awo akufiira. Anakweza manja kamodzi, nayang'ana uku ndi uku, n'kuwatsitsa.

"Anesi, ndibwezereni m'chipinda. Ine si mwana wa sukulu ya mkaka woti ndiziombera m'manja agulugufe."

Mawa lake anakana kutuluka. Mkuja wakenso anakana. Zenera linali lotsegula, lonjezo linali litamasulidwa, koma munthu anali pampando pomwe paja. Nereida anati sangawakakamize, chifukwa ndi munthu wamkulu wa nzeru zake. Obdulia anawanyengerera, anawakalipira, anawabweretsera nthochi zokazinga zimene amazikonda, koma zonse zinapita pachabe. Masiku ankatha, ndipo tsiku la adokotala linkayandikira.

Nzeru inamubwerera ali kumsika, akupala nsomba. Pa wailesi ya wogulitsa zipatso panalira nyimbo ya gule wotchedwa danzón, ndipo anangoona phazi lake likusuntha lokha pansi pa tebulo. Anasiya mpeni. Kodi iye anakulira kuti? Loweruka lililonse madzulo bambo ake ankasamba kuchotsa fumbi la padoko, n'kuvala malaya oyera ndi nsapato zoyera, kupita ndi mayi ake kukavina pabwalo lalikulu la mumzinda. Anthu ankasiya kuvina kuti aonerere iwo. Munthu ameneyo sangakweze manja chifukwa wina wawerenga, koma nyimbo sangaikanire.

Anathamangira kwa Nereida, epuloni ili m'chiuno, n'kumuuza kuti okalambawo azivina.

"Maganizo ndi abwino," anatero namwinoyo, "koma kuvina n'kugwirana. Panopa sitingalole kuti ayandikane choncho."

"Anesi, inu za mankhwala mumazidziwa, koma gule ameneyu ndi wathu wa kudoko. Danzón sathamanga nayo. Katswiri weniweni amavinira pa njerwa imodzi, phazi osatuluka kunja. Ababa akhala akudzitama ndi zimenezo chibadwire changa. Njerwa mwapaka kale penti. Aliyense avine pa yake, mnzake akhale pa ina."

"Nanga akatopa? Ena mtima wawo suchedwa kuthamanga."

"Nyimboyo ili ndi popumira pake. Imafika pena pamene aliyense amaima, amuna n'kukonza kolala, akazi n'kumadzikupiza. Kuvina pamenepo n'chamanyazi, anthu amakuseka."

Maso a Nereida anawala pamwamba pa masiki.

"Ndiye kuti gule wanuyo anamupanga ndi namwino. Bweretsani wailesi. Ine ndiika mpando patsogolo pa aliyense kuti azigwira, ndi madzi akumwa pambali. Tiziyamba dzuwa likangouma mame, kusanatenthe."

A Doña Crisanta atauzidwa, anangoti, "Tello musiyireni ine."

M'mawa wotsatira Obdulia anaika wailesi pa mpanda n'kukweza mawu. Nyimbo itangoyamba, pabwalo panasintha. Misana imene inali yopindika inawongoka. Agogo ena amene sankayankhula ndi munthu anayamba kung'ung'uza nyimboyo pansi pa masiki. A Doña Crisanta anaima pa njerwa yawo, imene anasankha dala moyang'anana ndi khomo la chipinda cha a Don Eleuterio, lomwe Nereida analisiya pululu kuti mphepo izidutsa. Anatambasula chokupizira chawo n'kuyamba kuvina. Nyimbo itafika popumira, anthu onse anaima. Iwo okha anapitiriza, akugwedeza chiuno, akupondaponda uku ndi uku ngati akupha nyerere.

Atachita zimenezi koyamba, m'chipindamo munali zii. Kachiwiri munamveka kutsokomola. Kachitatu mawu anatuluka, amphamvu ngati a kapitawo wa padoko.

"Crisanta! Pamenepo savina!"

"Akuyankhulayo ndani? Ndikumva mawu koma munthu sindikumuona."

"Mukuchititsa manyazi mzinda wonse! Ndipo mwatuluka pa njerwa!"

"Mphunzitsi wa m'chipinda! Ngati mukudziwa bwerani mudzationetse. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, Tello."

Kenako mawu aja anamvekanso, motsika pang'ono.

"Anesi, tabweretsani galimoto ija."

Tsiku limenelo sanaime. Anakhala pa mpando wamatayala pa njerwa yawo, akulamula aliyense ngati bwalo ndi lawo, koma mapazi awo ankasuntha pansi motsatira nyimbo, chidendene ndi zala, chidendene ndi zala. Nereida anayang'ana Obdulia n'kumutsinzinira diso. Masewero a mapazi amene ankawakana aja ndi omwewo ankachitawa, kungoti tsopano anali ndi dzina laulemu.

Zinayenda pang'onopang'ono, ndipo sizinali zokoma masiku onse. Tsiku loyamba kuimirira, atagwira mpando ndi manja onse, mawondo ananjenjemera n'kupinda. Nereida, amene anali kumbuyo kwawo, anawawakha asanafike pansi. Obdulia anakuwa kunja kwa mpanda, ndipo anatsala pang'ono kunena kuti basi, zitheretu. A Don Eleuterio anapuma, namwa madzi, n'kunena kuti njerwayo ndi yokhota, amene anaiyala anali ataledzera. A Doña Crisanta, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, sanawaseke. Anangodikira mpaka mnzawoyo atagwiranso mpando, n'kuuza Obdulia kuti ayambitsenso nyimbo.

Mantha a mphepo sanamuthere Obdulia tsiku limodzi. M'mawa wina kutachita kachisanu anabwera ndi juzi, chipewa ndi mpukutu wa thonje.

"Juzi ndi chipewa ndalandira, n'zofunika," anatero Nereida. "Thonjeli mufunse eni ake."

"Nditseke m'makutu kuti nyimbo ndiimvere kuti, m'mphuno?" anatero a Don Eleuterio. "Pita nalo ukatsekere nsomba zako."

Mphepo ya kumpoto itabweradi, ija imagwetsa zikwangwani ndi kuulutsa mchenga, Nereida sanatulutse munthu. Anawavinitsa m'khonde lalitali la m'kati, motalikirana, atatsegula mazenera a mbali imene mphepo sinkawomba. Anafotokozera Obdulia kuti chimene amaopa pa tsiku lotero ndi nthambi yogwa ndi munthu kupepesuka, ndipo kuti nzeru n'kuyang'ana nyengo, osati kutseka chaka chonse chifukwa cha masiku ochepa oipa. Obdulia anamvetsa. Anaona kuti mtsikanayu sankanyoza mantha a anthu, ankangowaika pamalo pake.

Kenako zinthu zinayamba kuoneka. A Don Eleuterio anasiya kufunda bulangete masana. Tulo tinabwerera, nkhope inadzaza. Anayamba kuima atagwira mpando ndi dzanja limodzi, linalo atalikweza m'mwamba ngati agwira dzanja la mkazi. Patali pang'ono a Doña Crisanta ankakwezanso lawo, ndipo awiriwo ankatembenuka nthawi imodzi, pakati pawo pali mpata woti n'kudutsa ngolo. Anthu odutsa mumsewu anayamba kuima kuonerera. Woyendetsa basi wina ankachepetsa liwiro n'kuliza hutala motsatira nyimbo. Obdulia akamva wina akufunsa kuti bambo a chipewa aja ndani, sankadikira kuti ena ayankhe.

Adokotala anabwera Lachisanu, Obdulia ali kumsika. Obdulia anaimba foni ya bambo ake, sinayankhidwe. Loweruka m'mawa anafika pampanda wailesi ili m'manja. Okalamba onse anali pa njerwa zawo. Njerwa ya bambo ake inali yopanda munthu, ndipo ngakhale mpando wogwira uja panalibe. Nereida sankaoneka. A Doña Crisanta ankangoyang'ana kumwamba, akudzikupiza.

"A Doña Crisanta, ababa ali kuti? Awapititsa kumbuyo?"

"Ine ndine wosoka, mwanawe, si mlonda. Yatsa wailesiyo."

Obdulia anayatsa. Nyimbo itayamba, pakhomo la nyumba panatulukira munthu wovala malaya oyera ositidwa bwino, chipewa chili chopendekera, ndodo ili kudzanja lamanja. Panalibe mpando wamatayala. Nereida ankabwera m'mbuyo mwawo manja ali okonzeka, koma osawakhudza. A Don Eleuterio anatsika pakhomo, naponda njerwa za pabwalo. Ankayenda pang'onopang'ono, phazi lililonse akuliika pa nthawi yake ya nyimbo. Anadutsa pansi pa mango. Anadutsa njerwa yawo osaima. Nyimbo itafika popumira anaima, nakonza kolala, napuma, anzawo onse akuwayang'ana. Itayambanso anapitiriza, mpaka anafika pafupi ndi mpanda, pa mzere umene Nereida anajambula kuti okalamba asapitirire.

Anavula chipewa.

"Dulia, ndabwera ndekha."

Pabwalo panaphulika m'manja. A Doña Crisanta ankaimba mluzu ngati mnyamata wa padoko. Obdulia anagwira zitsulo za mpanda. Ankafuna kuwakumbatira, koma anadziwa kuti nthawi yake sinakwane, ndipo kuwaona ataima pa miyendo yawo kunamukwanira. Ananyada kwambiri.

"Adokotala anati chiyani?" anafunsa pomaliza.

"Anati ndidzuke pampando, ndinadzuka. Anati ndiyende mpaka pakhomo, ndinawafunsa kuti khomo liti, la pano kapena la kwawo."

"Sakupita kumbuyo," anatero Nereida akuseka. "Chipinda chawo ndi chomwechija. Foni anakana kuyankha dala, ankafuna mudzaone ndi maso."

Pambali pa Obdulia panaima bambo wina wa tayi, amene mayi ake anali atangolowa kumene m'nyumbamo. Ankayang'ana zonsezi nkhope itakwinyika.

"Koma zimenezi n'zololedwa?" anafunsa. "Kunja kuli matenda, ndiye akutulutsa nkhalamba pamphepo? Ine ndabwera kudzawauza kuti amayi anga asamatuluke, ndipo zenera lawo likhale lotseka."

Obdulia anapukuta misozi n'kumuyang'ana bwinobwino.

"Achimwene, mawu amenewo ndinayankhulapo ine pachipata pomwepa, ndipo anatsala pang'ono kuwadyera miyendo bambo anga. Matendawa amakonda chipinda chotseka. Tsegulani zenera mpweya uzidutsa. Alekeni mayi anu atuluke m'mawa kusanatenthe, avale masiki, atalikirane ndi anzawo, wina akhale pafupi kuti asagwe. Kukazizira avale juzi, kukaipa ayende m'khonde. Ndipo musawauze kuti achite masewero. Afunseni chimene ankakonda ali ndi mphamvu, muyambire pamenepo."

Bamboyo anayang'ana okalamba aja akutembenuka aliyense pa njerwa yake.

"Amayi ankalima maluwa," anatero motsitsa.

"Ndiye mukuchedweranji? Kagulenitu kathini kothirira."

Uthenga wa nkhaniyi ndi wosavuta. Pa nthawi ya mliri, kuteteza okalamba athu si kuwatsekera. Munthu wamkulu akakhala malo amodzi amataya mphamvu msanga, ndipo chipinda chopanda mpweya wabwino chimasunga matenda m'malo mowaletsa. Mpweya wa panja, kadzuwa ka m'mawa ndi kuyendako tsiku lililonse n'zofunika ngati chakudya ndi mankhwala, bola titsatire malangizo a azaumoyo. Tikamachita mantha tifunse, tisanamangire makolo athu malamulo amene iwo adzawasunga chifukwa chotikonda.

A Don Eleuterio anavalanso chipewa, nakoleka ndodo pamkono, n'kukweza dzanja lamanzere m'mwamba. Kunja kwa mpanda, pakati pa anthu odutsa, Obdulia anasankha njerwa yake n'kukweza lake. Bambo ndi mwana anavina mpaka nyimbo inatha, ndipo palibe anagwira mpando.